Kamtima ka pa Chitsekerero

Ndinadikira miyezi khumi ndi inayi kuti ndidzadye m'lesitilanti imeneyo, koma apolisi anafika ndisanamalize ndi supu yomwe.

Amalume anga, omwe ndi makaniko, ndiwo analonjeza kuti ndikakhoza mayeso omaliza adzandidyetsa kumene amagwira ntchito mkulu wanga. Ndinakhoza. Ndiye Loweruka limenelo masana ndinavala diresi langa lachikasu, lomwe ndinalisita katatu, n'kukwera masitepe agalasi aja ngati mkwatibwi. M'katimo nyali zinkalendewera ngati madontho a mvula, nyimbo ikulira chapansipansi, mabotolo a vinyo atagona m'mashelefu mpaka kudenga. Anthu ankaseka mosatsegula kukamwa kwambiri.

Amalume anayang'ana mbale imene anawaikira, mbale yaikulu ngati chiwongolero koma kanyama kali pakati kokhakokha.

"Kodi uku n'kulawitsa? Chenichenicho chikubwera?"

"Amalume, chonde, tsitsani mawu."

"Ndikungofunsa. Mwina ophikawo anaiwala."

Maso anga anali ku bala, kumene mnyamata wothira zakumwa ankapukuta tambula. Anzake ankamutchula kuti Nsidze, chifukwa nsidze zake zinali zazitali zoti atsikana kuchita nazo nsanje. Ndinali nditadikira kuti aone diresi langa. Sanadzutse mutu.

Asisi, mkulu wanga uja, ndiwo ankaperekera vinyo. Pa tebulo loyandikana ndi lathu panakhala mayi wina wa imvi zometa, wa ndolo zazikulu, pamodzi ndi amuna ake, ndipo anaitanitsa vinyo wodula kuposa onse, uja womatidwa phula lofiira pakamwa. Ndinaonerera asisi akugwira ntchito yawo. Anadula phula, kenako anatulutsa chotsegulira chawo cha mano awiri. Anzawo onse amagwiritsa ntchito chopotapota chimene chimaboola chitsekerero, koma asisi amalowetsa manowo m'mbali, pang'onopang'ono, n'kuchizula chathunthu, chopanda bala. Anachiika pa kasosala kuti mlendo anunkhize, n'kuthira pang'ono m'tambula.

Mayi wa ndolo analawa. Analawanso, n'kulavulira m'kansalu.

"Mwana wanga, mwini wake wa malo ano alipo?"

"Pali vuto, mayi?"

"Vinyo ameneyu ndamumwa zaka makumi awiri, tsiku ngati la lero lokhalokha, tsiku la ukwati wathu. Uyu si iyeyo. Uyu ndi wa m'katoni, wothira pa nyama pophika. Mwationa ngati zitsiru?"

Amanijala anabwera akuthamanga, bambo wamfupi wa thukuta pamphuno. Analawa, nkhope n'kugwa. Ananyamula botolo, analiyang'ana kuseri ndi kumaso. Kenako anatola chitsekerero pa kasosala paja n'kuchitembenuza, kuyang'ana kunsi kwake kumene kumakhudza vinyo.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinachiona ndili pa mpando wanga. Kamtima kakang'ono, ka inki yabuluu, ndi deti pansi pake.

Supuni inandigwa m'manja. Kamtimako ndinajambula ndine.

*

Ndiyenera kuulula pano, chifukwa pa nthawiyo ndinalephera.

Alendo akapita, asisi ankaponya zitsekerero zija m'thumba la epuloni n'kudzandipatsa kunyumba. Ndinkazisunga m'botolo la jamu pawindo, n'kumazinunkhiza, kulota za malo amene sindinafikeko. Ndiye kunabwera Nsidze. Tinakumana pa siteji ya basi nditawapititsira asisi ambulera, ndipo kwa miyezi itatu tinkaonana Lolemba lililonse chakumadzulo, kuseri kwa laibulale. "Mkulu wako asadziwe," ankatero, "angandichotsetse ntchito." Nditamuuza za botolo langa la jamu, anandigwira dzanja.

"Uzindibweretsera chimodzi. Cha vinyo uja wa phula lofiira. Ndi chimene chimanunkhira ngati iwe."

Ine mtima phaa! Ndinamupatsa zisanu ndi ziwiri. Chilichonse ndinkajambulapo kamtima kunsi ndi deti la tsiku limene tinakumana, osamuuza, kuti akachipeze yekha akafika kwawo. Iye ankati amazisunga pansi pa pilo.

Tsopano chimodzi chinali m'manja mwa amanijala, ndipo iwo ankakuwa pamaso pa anthu onse.

"Ndani muno amazula chitsekerero osachiboola? Ndani amazitenga kupita nazo kwawo? Ukuona ngati sindidziwa? Wathira zinyalala m'botolo lakale, watseka, wamata phula, weniweniyo wagulitsa! Wakuba iwe!"

Asisi anayang'ana kamtimako. Amakadziwa; kali pa makope anga onse kuyambira ndili wamng'ono. Ananditembenukira kamodzi kokha, maso ali psu. Kenako anayang'ana pansi.

"Sindikudziwa amene wajambula, bwana."

Ankanditeteza. Ine, wosayamika ine, ndinangokhala du.

Panabwera wapolisi wamkazi, Sajeni wonenepa woyenda mosafulumira ngati kuti dziko lonse likumudikira. Anawatsekera asisi mu ofesi ya amanijala. Nditayesa kulowa, ananditchinga ndi mkono.

"Ndiwe ndani?"

"Mng'ono wawo."

"Ndiye upite ukamutengere bulangete. Galimoto yathu ikafika, tikupita naye. Ola limodzi, mwina osakwana."

*

Ndinathamangira ku bala. M'mutu mwanga nkhani inali itatha kale: wina anamubera Nsidze zitsekerero zija, ndipo ine ndi iye tigwira wakubayo limodzi, asisi atikhululukira, aliyense aomba m'manja.

"Nsidze, waona? Chija n'chako! Ndinakupatsa ndine!"

"Shii! Ukufuna anthu amve?" Anapitiriza kupukuta tambula yomweyo, yowala kale. "Mvera, dali. Usanene kanthu. Ukatsegula pakamwa, tonse atatu tikagona m'chitokosi."

"Koma asisi..."

"Awatulutsa mawa. Alibe umboni. Wina wake wangotsegula lokala yanga n'kutenga, basi. Muno muli akuba ambiri."

"Lokala?"

"Eya."

"Paja unati pansi pa pilo."

Nsidze zija zinaphethira kawiri. "Zina pilo, zina lokala. Ukundifunsa ngati wapolisi bwanji? Pita ukakhale pansi."

Pa chala chake chachikulu panali pulasitala. Ndinamumata ndine Lolemba lapitalo, ndikuuzira ngati mwana, iye akuti wapsa powiritsira tiyi mayi ake odwala. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti mwamuna wosamala mayi ake choncho ndiye wokwatiwa naye.

Sanatchule n'komwe diresi langa. Ndinachoka pamenepo ndikukanabe. Ndinati ndipeza amene anatsegula lokalayo.

*

Kukhitchini kunali utsi ndi phokoso. Kumapeto kwenikweni, pa sinki, mayi wotsuka mbale ankamenyanitsa mapoto ngati akulangidwa ndi iye. Anali wamtali, manja otuwa ndi sopo.

"Alendo salowa kuno!"

"Ndine mng'ono wake wa..."

"Ndakudziwa, mphuno zake zomwezo. Ndiye amugwira mtsikana wosalakwa? Aa! Malo ano! Munthu ukadandaula sakumva, koma mayi wa ndolo akatsokomola, apolisi mbwee!"

"Munadandaula chiyani, mayi?"

"Kapoto kanga!" Anawerama n'kutulutsa kapoto kakang'ono pansi pa sinki, n'kukaponya patsogolo panga. "Taona! Loweruka ndi Lamulungu ndimasiya kali mbee. Lachiwiri m'mawa ndimakapeza chonchi. Ndakwecha mpaka zikhadabo kutha. Ndawauza amanijala kanayi, akuti, 'Mayi, ntchito yanu n'kutsuka.' Kutsuka phula? Ndine njuchi ine?"

M'mphepete mwa kapotomo munali mutauma zofiira. Ndinakanda ndi chikhadabo. Phula.

"Lachiwiri lililonse?"

"Kwa miyezi iwiri tsopano. Ndipo Lolemba timatseka, muno simukhala munthu. Ndiye ndi mizukwa imaphika phula?"

"Nanga mabotolo a vinyo akatha, amapita kuti?"

"Kubini, onse. Kupatula a phula lofiirawo. Amenewo Nsidze amati tisataye, ndi oikamo makandulo a pa matebulo." Anaima, madzi akudontha m'zigongono. "Iwe wakhala pa tebulo lero. Waonapo kandulo?"

Pa tebulo lathu panali kanyali kamabatire.

Lolemba asisi amachapa. Tsiku lonse, pabwalo pathu, ine ndikuwatungira madzi monyinyirika, kudikira kuti nthawi ikwane ndizembe. Sanachokepo pakhomo Lolemba ngakhale limodzi. Ndinkadziwa zimenezo bwino lomwe. Ndinkadziwanso amene amafika kuseri kwa laibulale mochedwa, akununkha ngati kandulo yozimitsidwa kumene.

*

Amalume ndinawapeza kuseri kwa nyumbayo, pa kageti kotulutsira zinyalala, atanjuta ngati ali pansi pa galimoto. Pafupi nawo panaima mlonda, gogo wa jekete lalikulu, akusisita ndodo yake.

"Ndatuluka kuti ndipume," anatero amalume. "Ndikanakhala mkatimo, kabwana kaja ndikanakapinda pawiri. Ndiye ndimacheza ndi achikulirewa. Akuti Lolemba kuno sikubwera munthu."

"Ndi zoona, bambo," anayankha mlonda. "Lolemba ndi ine ndi mbalame basi."

"Mbalame zake zimadontha oilo?"

Analoza pansi. Pa simenti panali madontho akuda, ena ouma, ena aawisiko, onse pamalo amodzi.

"Iyi ndi njinga yamoto, gasiketi yake inatha kalekale. Dontho ili ndi la sabata ino, ili la sabata yatha, enawa akale. Kutsogolo kuja, poimika magalimoto, pali njinga yofiira ikudontha chimodzimodzi. Masiku a ntchito imaima kutsogolo. Nanga kuno imadzatani, pobisika?"

Mlonda anayang'ana kumwamba, anayang'ana ndodo yake. "Ine, bambo, maso anayamba kuvuta."

Pamenepo ndinaphulika. "Agogo, mkulu wanga akukagona pa simenti usiku uno! Amakupatsani moni tsiku lililonse, amakusungirani chakudya chotsala! Maso akuvutani lero?"

"Iwe, ulemu," anatero amalume, koma sanandiletse kwenikweni.

Gogoyo anayankha chapansipansi. "Amati amabwera kudzatsuka mafiriji. Ine ndine ndani kuti ndikane? Amalowa cha m'ma teni, kutuluka dzuwa litapendeka. Chikwama chake pobwera chimalira ngati muli mabotolo, pobwerera chimaliranso. Ndinafunsa kamodzi, anati, 'Madala, mlonda wofunsafunsa sakhalitsa pa ntchito.' Ndili ndi zidzukulu zinayi, mwana wanga."

"Ndani?" anafunsa amalume.

Sindinadikire yankho. Njinga yofiirayo ndinakwerapo kawiri, nditamukumbatira m'chiuno, nditatsinzina.

Kumsewu kunamveka kulira kwa galimoto ikuima. Inali ya apolisi.

*

Ndinakankha chitseko cha ofesi osagogoda. Asisi anali pa mpando, epuloni atawavula. Sajeni anali atatulutsa kale unyolo.

"Kamtimako ndinajambula ndine."

"Khala chete!" anakuwa asisi. "Bwana, musamumvere, ndi mwana!"

"Si ine mwana! Ndinajambula ndine, ndipo ndinapatsa Nsidze. Zisanu ndi ziwiri. Ndi chibwenzi changa." Mawu amenewo ndinawalota miyezi itatu, mmene ndidzawanenere pamaso pa asisi, maluwa ali m'manja. Anatuluka ngati masanzi.

Amalume kumbuyo kwanga anangoti, "Hee?"

Sajeni anabweza unyolo m'thumba mosafulumira. "Tayamba bwinobwino, mtsikana. Usathamange."

Ndinathamangabe. Kapoto, mabotolo a makandulo, oilo, chikwama cholira, chala chopsa. Mayi wotsuka mbale anabwera ndi kapoto kake asanaitanidwe n'komwe. Kenako Sajeni anatumiza wapolisi mnzake kukatenga Nsidze.

Analowa akumwetulira, manja m'thumba.

"Mtsikana uyu ukumudziwa?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koyamba tsiku lonselo. "Ndimangomuona, bwana. Si mng'ono wake wa uyu? Akufuna kupulumutsa m'bale wake. Ana a masiku ano amalota ali maso."

Ndikanakhala ndi botolo m'manja, bwenzi pano ndikulemba nkhaniyi ndili kundende. Amalume anandigwira phewa. Ndinatulutsa foni yanga n'kuipereka kwa Sajeni. Anawerenga mokweza, mawu ake ouma ngati akuwerenga mndandanda wa katundu.

"'Dali wanga, lero pa malo athu paja. Usaiwale kanga kaja kofiira.' Wotumizidwa pa sikisi. 'Nyenyezi yanga, ubwere nako kena.' Pa satini. Hmm. Nyenyezi." Anatembenuza chitsekerero chija. "Apa palembedwa pa sikisi."

"Foni aliyense akhoza kulemba," anatero Nsidze. "Chabwino, anandipatsa kamodzi. Ndinataya. Wina anatola."

"Zatsala zisanu ndi chimodzi," ndinatero. "Zili m'shelefu."

Amanijala anagwira pamtima. "Mukufuna titsegule mabotolo onse aja? Mukudziwa..."

"Si onse, bwana." Anali asisi. Anali ataimirira, akuyang'ana m'kapoto muja. "Phula la ku fakitale ndi lofiira moderako. Ili ndi lowala. Ndikanayenera kuona podula paja. Ndipatseni epuloni yanga."

*

Alendo anali asanachoke. Ndani angasiye zoterezi? Asisi anakwera pa makwerero, n'kuyendetsa chala m'mabotolo a kumbuyo kwa shelefu. Anatsitsa asanu ndi limodzi, n'kuwandandalika pa bala. Anadula phula la loyamba, analowetsa mano awiri aja, anazula. Anapereka kwa Sajeni osayang'ana.

"Kamtima. Pa satini."

Botolo lachiwiri. "Kamtima. Pa twente."

Sajeni ankawerenga deti pa chitsekerero, kenako uthenga wa tsiku lomwelo pa foni. Chikondi changa chonse chinayalidwa pa bala ngati zovala zamkati pa chingwe, anthu a masuti akumvetsera, mayi wa ndolo atagwira pakamwa. Pa botolo lachinayi wina anaseka. Ndinafuna simenti ing'ambike indimeze. Koma sindinachoke. Ndinkafuna kuona nkhope ya Nsidze.

Pa lomaliza Sajeni anamugwira dzanja n'kumatula pulasitala uja. Pansi pa chikhadabo panali kofiira kowala.

"Tiyi wa mayi ako ndi wofiira?" ndinafunsa.

Nsidze anasiya kumwetulira. Unyolo utalira m'manja mwake, ananditembenukira, maso odzaza ukali ngati wolakwiridwa ndi iyeyo.

"Chitsiru iwe! Bwanji sunandiuze kuti umalembapo?"



Apo ndi pamene ndinamva kupweteka kwenikweni. Kuba ndikanamvetsa. Bodza la pilo ndikanalirira sabata imodzi n'kuiwala. Koma ine ndinkakhala pawindo, lilime panja, kujambula kamtima kakang'ono kuti kakwane, kudikira tsiku limene adzati, "Ndakaona." Ndinkaganiza kuti akuchita manyazi.

"Zisanu ndi ziwiri," ndinatero. "Unazigwira m'manja, unazikankhira m'botolo ndi chala chako. Sunatembenuze ngakhale chimodzi. Ukanangoyang'ana kamodzi kokha zimene ndinakupatsa, bwenzi lero uli mfulu."

Anamutulutsira ku khomo la kukhitchini. Mayi wotsuka mbale anamutsatira mpaka pa geti, kapoto kali m'mwamba, akumuuza za zikhadabo zake.

Sajeni anathira zitsekerero zanga m'kathumba kapulasitiki. "Izi zikaonekera kukhoti. Iwenso ukafunika, Nyenyezi."

Amanijala anayamba kuzungulirazungulira pafupi ndi asisi, akupukuta thukuta. "Mwana wanga, unditenge bwino, munthu ukakwiya..."

"Munanditchula wakuba pamaso pa anthu awa, bwana. Mupepesenso pamaso pa anthu omwewa."

Anapepesa chapansipansi. Mayi wa ndolo anati sanamve bwino, abwerezenso. Anabwereza.

Ndinabwerera pa tebulo lathu. Supu inali itazizira, mafuta atayandama pamwamba. Amalume anakhala moyang'anana nane, akupukusa mutu.

"Njinga yodontha oilo," anatero. "Mwa anyamata onse a m'tauni muno. Ukanandifunsa ine."

Asisi anatsitsa botolo lina, la phula loderako, n'kukatsegula pa tebulo la mayi wa ndolo. Mayiyo analawa, anatsinzina, anagwedeza mutu. Pochotsa kasosala, dzanja la asisi linapita lokha ku thumba la epuloni monga mwa masiku onse. Linaima panjira. Anabwera pa tebulo lathu, n'kuwerama ngati akufunsa mlendo ngati chakudya chili bwino.

"Ndinali wokonzeka kukagona m'chitokosi chifukwa cha iwe," ananong'ona. "Iwe unatenga ola lathunthu."

"Asisi, pepani."

"Pepani wakoyo ukanenere kunyumba, ndikamaliza kulankhula ine. Ndipo ndilankhula mpaka Lachitatu."

Anaika chitsekererocho pafupi ndi mbale yanga, chathunthu, chopanda bala.

"Ukalembapo kanthu, ndikuthyola zala. Idya supuyo."

Ndinaidya yozizira yomweyo, mpaka pansi pa mbale, misozi ikugwera pa diresi lachikasu.